Sitolo yakale ikamagumulidwa m'chigwa cha Shire: zoyenera kuyang'ana konkire asanathiridwe

Pa Nsanje, pa Bangula, pa Ngabu, pa Nchalo ndi pa boma la Chikwawa, nyumba zakale zamalonda zikutha imodziimodzi. Ina yagwa ndi madzi osefukira, ina yapakidwa chizindikiro chofiira poti yalowa m'malire a msewu, ina eni ake agulitsa ndipo wogulayo akufuna kumangapo mashopu a mabuloko. Kagumulidwe kake tonse timakadziwa. Amayamba kusasula malata, kenako mitengo ya kudenga, zitseko ndi mafelemu. Njerwa zabwino amazipala n'kuzisanja pambali, zophwanyika amakakwirira nazo maenje a mumsewu. Sabata ziwiri zisanathe amisiri ayamba kale kukumba maziko atsopano.

Masiku ochepa amenewa, kuchokera pamene lata loyamba latsika kufika pamene konkire wathiridwa, ndi okhawo amene nyumba imaonetsa zamkati mwake: njerwa zopanda pulasitala, makomo amene anatsekedwa kalekale, simenti yapansi yosanjikizana, ndi dothi la pansi pa maziko. Akadutsa masiku amenewa, basi, palibenso adzazione. Masitolo ndi nyumba zogona alendo za m'chigwa chino zinalembedwa pang'ono kwambiri m'mabuku a boma. Zambiri za izo zili m'nthaka ndi m'mitu ya akuluakulu, ndipo munthu wamba wokhala ndi tepi yoyezera, kope ndi foni angathe kupulumutsa zochuluka ndithu.

Tauni inkatsata njira ya katundu

Musanagwire tepi, dziwani kaye chifukwa chake sitolo inamangidwa pamalo amene ili. M'chigwa chino pakati pa tauni pakhala pakusuntha, ndipo chosunthitsa chake nthawi zonse ndi njira yodzera katundu.

Poyamba njira inali mtsinje. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo pamodzi ndi makampani ena monga ya Eugene Sharrer inkayendetsa sitima zapamadzi mu Zambezi ndi mu Shire. Kuyambira m'ma 1890 sitimazi zinkanyamukira ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, n'kumaima pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje, ndi pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Madzi akakhala okwanira zinkafika mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera apo amtengatenga ankasenza katundu kukwera naye mapiri kupita ku Blantyre. Maboma atatu a nthawi imeneyo anali m'mbali mwa mtsinje momwemo: Port Herald likulu la Lower Shire, Chiromo likulu la Ruo, Chikwawa likulu la West Shire. Chiromo ndiye anali pachipata, chifukwa panali kasitomu, ndipo tsidya lina la Ruo linali kale dziko la Apwitikizi. Nyumba za nyengo imeneyi zinkayang'ana kumtsinje. Mukapeza maziko amene khonde lake lafulatira msewu wa lero n'kuyang'ana kumadzi, kapena kumene madzi ankadutsa kale, achitireni chidwi.

Kenako Shire anayamba kuphwa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Njanji inayamba kumangidwa mu 1903, ndipo mu 1908 sitima yapamtunda inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, mtunda wa mamailosi 113. Mu 1915 njanji inatalikitsidwa kuchoka ku Port Herald kukafika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, utatsegulidwa, katundu anayamba kudutsa osatsitsidwa mpaka ku Beira. Sitepe iliyonse mwa zimenezi inkalanda malonda malo ena n'kupatsa ena. Doko la kwa Katunga linatha ntchito. Malo amene apaulendo ankagona podikira kusintha kuchoka m'sitima yapamadzi kulowa m'yapamtunda anasowa alendo. Masitolo anasamukira kufupi ndi masiteshoni: Nsanje, Tengani, Bangula, Chiromo, Makhanga. Pamenepa ndi pamene amalonda achimwenye anamanga mizere ya masitolo a makonde, ndipo ndalama yoyendetsa malondawo inali ya thonje. Msika wa thonje ukatsegulidwa, nsalu, makasu, mchere ndi parafini zinkatuluka m'mashelefu.

M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuchoka m'madera akumidzi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Masitolo ambiri anasintha manja nthawi imodzi. Ena anapitiriza kugulitsa, ena anagawidwa zipinda n'kukhala nyumba za lendi, ena anangotsekedwa. Nthawi yomweyo msewu unali ukukula mphamvu. Fakitale ya shuga pa Nchalo, imene inayamba m'ma 1960, inabala tauni yakeyake. Dyeratu anakula chifukwa ali pamsewu waukulu pamene boma la Chikwawa lili chapatali pang'ono, pamwamba pa gombe. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji ya ku Beira m'ma 1980, othawa kwawo anadzaza m'boma la Nsanje, ndipo magolosale, malo odyera ndi maresitihausi ambiri anamangidwa mothamanga pa nyengo imeneyo, nkhondo isanathe mu 1992. Pomaliza madzi a 1997 anadula njanji ndi msewu pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo Chiromo, amene kale anali khomo la dziko lonse, anatsala kuseri kwa madzi.

N'chifukwa chake mabwinja akale kwambiri sapezeka pamene pali msika lero. Afuneni pakati pa mtsinje ndi njanji, pamene pali mitengo ya mango kapena nimu yoima pamzere wowongoka popanda nyumba pafupi.

Nyumba ikadali chiimire

Pemphani kaye kwa mwini malo, ndipo muuzeni kapitawo wa ogumula chimene mukufuna, kuti asakuoneni ngati mwabwera kudzaimitsa ntchito kapena kudzalanda malo. Nthawi yabwino ndi mmawa kwambiri. Kuwonjezera pa kutentha kwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, dzuwa likakhala pansi limawalira khoma chammbali, ndipo zilembo zakale zimene zinakwiririka ndi penti kapena laimu zimatukuka n'kuwerengeka. Dzina la sitolo ndi la mwini wake nthawi zambiri limakhala pakhoma la pamwamba pa khonde. Masana dzuwa lili pamutu simungalione.

Dulani ndodo yowongoka ya mita imodzi, muipake penti yoyera ndi yakuda mosinthanasinthana pa masentimita 10 aliwonse. Ndodo imeneyi izioneka m'chithunzi chilichonse. Jambulani mbali zonse zinayi mutaima molunjika khoma, kenako makona, kenako chipinda chilichonse, ndiponso chithunzi chimodzi chapatali choonetsa nyumbayo pamodzi ndi msewu kapena njanji. Anthu ambiri amajambula kumaso kokha. Kuseri ndiye kumene kuli nkhani: khitchini, mosungira katundu, chitsime, thanki ya madzi, zimbudzi, ndi tizipinda ta antchito.

Poyeza, kokani chingwe chimodzi chowongoka m'mbali mwa khoma lalitali, mukhome zikhomo kumapeto konse, ndipo miyeso yonse izichokera pa chingwe chimenechi. Kuti mupeze kona yeniyeni gwiritsani ntchito miyeso ya amisiri ya 3, 4 ndi 5: mamita 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo mzere wolumikiza nsonga ziwirizo ukhale 5. Papepala, masentimita 2 aimire mita imodzi. M'chipinda chilichonse yezani makoma anayi komanso kuchoka pakona kufika pakona yoyang'anizana nayo, chifukwa zipinda zakale sizikhala zolungama, ndipo mukangoganiza kuti n'zolungama, pulani yanu ikakana kukumana pomaliza. Musaiwale kunenepa kwa khoma. Malo ake lembani ndi GPS ya pafoni, koma dziwani kuti imaphonya ndi mamita angapo. Choncho yezaninso ndi tepi kuchoka pakona ya nyumba kufika pa zinthu ziwiri zosasuntha, monga kalavati ya njanji kapena mjigo.

Pulasitala akagwa, khoma limalankhula. Njerwa zoumbidwa pa muyeso wa Angerezi zimayandikira mainchesi 9 m'litali, 4 ndi theka m'lifupi ndi 3 msinkhu, ndiye kuti masentimita 23, 11 ndi 7.5. Yezani njerwa 10 pakhoma lililonse, osati imodzi, pakuti njerwa za chikombole zimasiyana. Makoma awiri a nyumba imodzi akakhala ndi njerwa zosiyana msinkhu, sanamangidwe nthawi imodzi. Onaninso polumikizira: khoma lomangidwa limodzi ndi linzake njerwa zake zimalukana pakona, koma lowonjezera pambuyo pake limangotsamira, n'kusiya mzere wowongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mizere yotere ndi imene imakuuzani kuti sitolo inayamba ndi chipinda chimodzi, kenako mosungira katundu, kenako nyumba ya banja kumbuyo.

Chomangira chake chiyeseni ndi msomali. Dothi limafumbutuka ndi chala. Laimu ndi yoyererako, yofewa, imakandika mosavuta, ndipo mukadonthezapo viniga imachita thovu kwambiri. Simenti ndi yotuwa, yolimba, thovu lake n'lochepa. Nyumba zambiri zakale za kuno ndi za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, simenti n'kungoikidwa pansi ndi pakhonde. Apa ndi pamene pagona imfa ya nyumba zochuluka. Nthaka ya madera ambiri a chigwachi ili ndi mchere. Chinyezi chimakwera m'khoma kuchokera pansi, chimauma n'kusiya mcherewo m'njerwa, njerwa n'kumanyenyeka kuyambira pansi kufika cha m'chiuno. Mwini nyumba akaona zimenezi amamata pulasitala wa simenti wolimba, koma simentiyo imatsekera chinyezi mkati, dothi lomangira limafewa, ndipo tsiku limene madzi osefukira adzaime maola angapo, khoma limakhala pansi lonse. Pamenepo chiswe chimakhala chitadya kale mitengo ya kudenga.

Sitolo ndi nyumba yogona alendo zimasiyana ngakhale patatsala simenti yapansi yokha. Sitolo ya kale imakhala ndi khonde lalikulu kumaso, pamene matelala ankakhala ndi makina awo, khomo lalikulu la zitseko ziwiri, ndi mawindo ochepa otchingidwa ndi zitsulo. Pansi pake yang'anani mzere wa timaenje kapena zipsera pamene panaima miyendo ya kauntala. Kutsogolo kwa mzerewo simenti imakhala yosalala ndi yokumbika pang'ono chifukwa cha mapazi a ogula. Kuseri kwake kumakhala kanjira kopapatiza ka wogulitsa. Pakhoma pamakhala mabowo ondondozana a mashelefu, ndipo pamtanda wa kudenga nthawi zina pamatsala ngowe ya sikelo. Resitihausi ndi mzere wa tizipinda tofanana, ta mamita 3 mbali zonse kapena kuchepera, kalikonse ndi khomo lakelake lotulukira pakhonde kapena pabwalo lamkati, popanda khomo lolumikiza chipinda ndi chinzake. Kumbuyo kumakhala bafa ndi zimbudzi zochuluka kuposa za banja limodzi, ndi ngalande ya madzi osamba. Nambala za zipinda zimatsala pamafelemu, ziwerengeni asanazule.

Malata akatsika, atembenuzeni. Kunsi kwake nthawi zina kumakhala chidindo cha kampani imene inawapanga, ndipo mabowo a misomali osagwirizana ndi mitengo ya dengalo amasonyeza kuti malatawo anachokera panyumba ina. Denga kapena siling'i ikakhala ya asibesitosi, musaiswe kapena kuicheka. Fumbi lake limawononga mapapo. Inyowetsedwe ndi madzi, itsitsidwe yathunthu.

Za pansi pa nthaka

Kukumba dala pofuna zinthu zakale kumafuna chilolezo. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 ndi limene limateteza zinthu zotere, ndipo oyang'anira ake ndi Dipatimenti ya Museums and Monuments. Chimene munthu wamba angachite ndi kuyang'anira maenje amene amisiri akukumba kale, n'kulemba zimene zaoneka. Kunena zoona, zimenezi n'zokwana, chifukwa ngalande ya maziko imadula nthaka bwino lomwe.

Sankhani chigawo cha mita imodzi kapena iwiri pakhoma la ngalandeyo, muchipale ndi chipande cha amisiri kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuti dothi logwa lisadetse pamene mwapala kale. Likauma kwambiri liwazeni madzi pang'ono, mitundu yake ioneke. Khomani misomali iwiri, mumange chingwe chopingasa choyezedwa ndi levulo, ndipo kuya kwa mzere uliwonse wa dothi kuyezedwe kuchoka pa chingwecho, pa masentimita 20 aliwonse. Musayeze kuchoka pamwamba pa nthaka, poti mawa pamwambapo padzakhala patasintha. Jambulani papepala, masentimita 5 kuimira mita imodzi, mzere uliwonse muupatse nambala kuyambira pamwamba, ndipo mulembe mtundu wake, ngati ndi mchenga, dongo, phulusa kapena zibuma za njerwa.

Chigwa chino chili ndi mwayi umene madera a kumtunda alibe. Madzi osefukira amasiya chizindikiro chosasokonekera: mchenga pansi, matope osalala pamwamba pake, nthawi zina m'timizere topyapyala, mopanda zinyalala za anthu. Mzere wotere umagawa nthaka pawiri, za madzi asanabwere ndi za madzi atapita. Zaka za madzi aakulu zimadziwika: 1948 pamene mlatho wa njanji wa pa Chiromo unakokoloka, 1997, Januwale 2015, ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Koma musathamangire kupatsa mzere chaka. Si madzi onse amene anafika pamalo aliwonse, ndipo madzi ena amakokolola m'malo mosiya dothi. Chaka chitsimikizidwe ndi zinthu zopezeka pansi ndi pamwamba pa mzerewo, komanso ndi anthu amene anaona madziwo akulowa m'nyumbamo. M'masitolo ambiri mupeza simenti yapansi iwiri kapena itatu yosanjikizana, chifukwa madzi akapita eni ake ankathira dothi n'kukweza pansi. Khomo looneka lalifupi modabwitsa, kapena masitepe a khonde amene akulowa m'nthaka, ndi umboni wa zomwezo. Dothi lotsekeredwa pakati pa simenti ziwiri ndi lamtengo wapatali kuposa lina lililonse, pakuti palibe chinalowamo kuchokera tsiku limene linaphimbidwa.

Lamulo lowerengera zaka ndi limodzi: mzere wa dothi sungakhale wakale kuposa chinthu chatsopano kwambiri chimene chili mmenemo. Mukapeza kobiri ya 1930 pamodzi ndi 5 tambala, mzerewo ndi wa 1971 kapena pambuyo pake, chifukwa kwacha ndi tambala zinayamba chaka chimenecho. Kobiriyo inangokhalitsa m'matumba a anthu. Ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinayamba mu 1955, ndipo kobiri yake ndi ija yoboola pakati, ya njovu ziwiri. Za Malawi zoyamba ndi za 1964, zokhala ndi nkhope ya Kamuzu: sikisi ya chithunzi cha tambala wa nkhuku, sheleni ya chimanga. Kufupi ndi malire mupezanso za Apwitikizi, ndipo za metical sizingakhale zakale kuposa 1980.

Mabotolo amapezeka kwambiri kuposa ndalama, makamaka kuseri kwa malo ogona alendo. Tsatirani ndi chala msoko wa chikombole m'mbali mwa botolo. Ukathera pakhosi, mlomo wake unamalizidwa pamanja, ndipo kawirikawiri botolo lotero ndi la zaka za m'ma 1920 zisanafike. Ukapitirira mpaka pamwamba pa mlomo, ndi la makina. Galasi loyera limene lasanduka la mtundu wa pepo chifukwa cha dzuwa nthawi zambiri ndi la nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanathe. Zilembo zopakidwa penti pagalasi zinayamba m'ma 1930. Botolo la Carlsberg wofululidwa m'dziko muno silingapitirire 1968 kubwerera mmbuyo. Pa mbale zadothi za kunja, yang'anani kunsi: mawu oti England okha anayamba kulembedwa cha mu 1891, oti Made in England ndi a zaka za m'ma 1900, ndipo oti Made in Occupied Japan ndi a zaka zochepa nkhondo yachiwiri itangotha, kulekeza 1952. Mapale a miphika ya kuno musawataye poganiza kuti ndi wamba. Ndi amene amasonyeza amene ankaphika kuseri kwa sitolo, ndipo akapezeka pansi pa maziko, m'dothi lopanda galasi kapena chitsulo cha kunja, ndiye kuti panali mudzi sitolo isanabwere.

Dothi la padzala ndi la pansi pa kauntala lisefeni ndi sefa ya mabowo a mamilimita 5. Mikanda, mabatani ndi singano za makina zimadutsa pa sefa yotero, choncho ndowa imodzi pa ndowa 5 zilizonse muisefenso pa waya wa pawindo wotchinga udzudzu.

Zosokoneza zilipo zambiri, ndipo ndi pano pamene anthu amalakwitsa. Dothi la makande, ngati la ku Ngabu, limang'ambika m'chilimwe ming'alu yolowa mkono, ndipo kandalama ka dzana kangagwere pansi penipeni n'kukakhala pamodzi ndi zinthu za zaka 100. Chinthu chimodzi chokha chatsopano m'dothi lotere chisakusinthitseni maganizo, funani zingapo. Chiswe ndi mbewa nazo zimasuntha tinthu ting'onoting'ono. Njerwa zimayenda: sitolo ya 1985 ingamangidwe ndi njerwa zogumulidwa panyumba ya 1910, ndiye njerwa imakuuzani za tsiku limene inaumbidwa, osati limene khoma linamangidwa. Njerwa yokhala ndi zotsalira za laimu koma yomangidwa ndi simenti ndi yachiwiri kugwira ntchito. Zidutswa za njanji zoikidwa pamwamba pa makomo kapena ngati nsanamira za khonde nazonso zinatengedwa kwina. Ndipo pamene anthu anafukula maziko onse n'kutenga njerwa, musaganize kuti palibe chotsala. Ngalande imene munali mazikowo imadzaza ndi tizidutswa ta njerwa ndi laimu, n'kusiya mzere wowongoka wosiyana mtundu ndi dothi lozungulira. Mvula yoyamba ikagwa umaoneka bwino. Udzu nawo umathandiza: pamwamba pa khoma lokwiririka umayamba kuuma, pamwamba pa dzala kapena chitsime chakale umakhalabe wobiriwira.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mphekesera yoti eni masitolo anakwirira ndalama pochoka. Chifukwa cha mphekesera imeneyi anthu amaswa simenti usiku n'kutembenuza dothi lonse, ndipo chimene amawononga ndi dothi lotsekeredwa lija.

Za chitetezo sizofuna kukambirana. Musalowe m'dzenje lopitirira mita 1.2 m'nthaka ya mchenga popanda matabwa otchinjiriza, ndipo dothi lofukulidwa liunjikidwe mita imodzi kuchoka m'mphepete. Zimbudzi ndi zitsime zakale zimakhala zongophimbidwa ndi lata lowola ndi dothi pang'ono. Pamalo olowa pansi mozungulira yambani mwabaya ndi ndodo yayitali. Mukaona mafupa a munthu, ntchito iime, muuze apolisi ndi amfumu. Chipolopolo kapena chitsulo chooneka ngati bomba, makamaka cha ku Marka ndi madera ena a m'malire, musachikhudze n'komwe.

Zotoledwa ziikidwe m'majumbo, jumbo iliyonse ya mzere umodzi wa dothi, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: malo, tsiku, nambala ya mzere. Inki ya bolopeni imafufutika ndi chinyezi. Galasi ndi mbale zolimba zitsukeni ndi madzi okha, koma botolo lokhala ndi pepala lake lisanyowe. Chitsulo musachitsuke, chiumitseni pamthunzi n'kuchisunga pouma. Ndalama musaikweche ndi mchenga, phulusa kapena ndimu, chifukwa chaka chimachoka limodzi ndi dzimbiri. Iunikeni ndi tochi chammbali, manambala aoneka. Mabuku a ngongole, malisiti ndi makalata, zimene kawirikawiri zimapezeka pamwamba pa siling'i, ziumitsidwe pamthunzi, ndipo masamba omatana musawakakamize. Jambulani tsamba lililonse limene latseguka. Buku la ngongole lili ndi maina a makolo a anthu amene alipo lero, choncho si loika pa Facebook.

Akuluakulu ndi mapepala

Yambirani kwa a nyakwawa, akulozereni oyenera kucheza nawo. Musafune eni masitolo okha. Telala wa pakhonde, mlonda, wophika, mayi amene ankagulitsa zitumbuwa pasiteshoni, wogwira ntchito ya njanji wopuma, amenewa amadziwa mkati mwa nyumbazi kuposa ana a eni ake. Chezani nawo mmodzimmodzi, poti pagulu wolankhula kwambiri amaphimba anzake, ndipo amayi amangokhala chete. Wolankhula Chisena muloleni afotokoze m'Chisena. Mukamukokera ku Chichewa amadumpha zambiri. Ngati angathe kuyenda, pitani nawo pamalopo, akuonetseni ndi ndodo pamene panali khomo.

Funso loti "inamangidwa chaka chanji" silibala kanthu. Mangirirani pa zochitika: "Agogo, nthawi ya njala ya 1949 sitoloyi inalipo?" "Pamene ndalama zinasintha kukhala kwacha, ankagulitsamo ndani?" "Othawa nkhondo atafika, zipinda zakumbuyozi zinali zitamangidwa?" Funsaninso zimene zinkagulitsidwa, ngati munthu wakuda ankaloledwa kulowa mkati kapena ankagulira pawindo, ndi amene ankagona m'resitihausimo: ogula thonje, ogulitsa nsomba zouma, aphunzitsi opita kukalandira malipiro, kapena odikira sitima. Mbiri ya nyumba popanda zimenezi ndi miyeso chabe. Anthu awiri akasemphana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la wonena aliyense, atavomera.

Mapepala alipo, ngakhale ndi omwazikana. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku ndi malipoti a maboma a nthawi ya atsamunda, mmene mumatchulidwa ziphaso za malonda ndi malo obwereketsedwa. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. A Dipatimenti ya Surveys ali ndi mapu ndi zithunzi zojambulidwa m'ndege, ndipo pa Google Earth ya pakompyuta mungabwerere mmbuyo zaka zingapo n'kuona denga limene lero palibe. Poyerekeza mapu akale ndi malo a lero musadalire mtsinje. Shire amadya gombe, ndipo Ruo anasintha njira pa madzi a 2015. Dalirani njanji, milatho ndi makalavati, zimene sizisuntha.

Zonse mukasonkhanitsa, chithunzi chilichonse chipatsidwe dzina la malo, tsiku ndi mbali imene mwajambula, ndipo zisakhale m'foni mokha. Pulani, zojambula za dothi ndi mawu a akuluakulu zikopedwe katatu: kope lina kwa mwini malo, lina ku khonsolo ya boma, lina ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, pamodzi ndi mndandanda wa zinthu zimene zatoledwa ndi dzina la amene akuzisunga.